Tisanaitaye, Tinaitsekula Kaye

Makompyuta ambiri amene ali m'nyumba ndi m'timashopu ta kuno ku Mangochi anafika atagwirapo kale ntchito kwina. Ena anachokera m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre pamene mabwana ankagula atsopano. Ena anabwera pa ngolo za matransipota a ku Joni, atapanikizana ndi mabulangete, njinga ndi mafiriji. Yathu inadzera njira yachiwiriyi. Ndi Dell OptiPlex 7010, mtundu umene unatuluka m'chaka cha 2012, bokosi lakuda lokhala pa tebulo, lokhala ndi sikirini yakeyake. Tinaigula mu 2017, ndipo ngakhale pa nthawiyo inali kale ndi zipsera za kuntchito kwake koyamba: kachizindikiro ka Windows 7 kofufuma pambali, ndi nambala ya ofesi ina yolembedwa ndi choko chamadzi chosafufutika.

Pakhomo pathu kompyutayi si ya masewera. Mayi a kunyumba amagula usipa ndi utaka wouma m'madooko a ku Makawa ndi ku Malembo n'kumatumiza ku Limbe, ndipo mabuku awo onse a ngongole, a mtengo wa matumba ndi a ndalama za galimoto ali m'menemo. Ine madzulo ndikaweruka ndimalembera anthu makalata. Achinyamata ofuna ntchito m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, amabwera kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito. Ena amabwera ndi makadi a ukwati, ena ndi mapangano ogulitsana malo kapena bwato. Mwana wathu wamkazi, yemwe ali ku sekondale ndipo akutenga phunziro la makompyuta pokonzekera mayeso a MSCE, amaphunzirira pomwepo. Ndalama ya sopo ndi ya ndiwo za masiku ena imachokera m'bokosi lakudali.

Pofika m'chaka cha 2025 kompyutayi inali itayamba kuyenda ngati birimankhwe. Ukaiyatsa, unkatha kupita kukatunga madzi, kusamba m'manja, n'kubwerera isanamalize kudzuka. Ukatsekula mapulogalamu awiri nthawi imodzi inkangoima chilili, kamuvi kakuzungulira. Fani yake inkalira ngati injini ya boti, ndipo masana dzuwa likafika paliwombo inkazima yokha. Kenako munayamba kumveka kaphokoso kena m'kati, ka-ka-ka, kamodzikamodzi, ngati munthu akugogoda pa tebulo ndi chikhadabo.

Mwana wathuyo sanachedwe kupereka chigamulo. "Adadi, iyi yakalamba basi. Anzanga onse akugwiritsa ntchito laputopu."

Sindinamutsutse, chifukwa mfundo yake inali ndi mutu. Koma aliyense amene wagulapo katundu wochokera kunja m'zaka zapitazi akudziwa mmene zinthu zilili. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zipangizo zonse zamagetsi inakwera motsatira. Titawerengetsa ndi mayi ake, tinapeza kuti laputopu yabwinoko, ngakhale yogwirapo kale ntchito, ikanadya ndalama ya fizi pamodzi ndi mpamba wa usipa wa mwezi wathunthu. Mpamba ukadyedwa, geni imafa. Nkhaniyo inatha masabata angapo ikuyendayenda pakhomo, osagwirizana chimodzi.

Amene anatithandiza ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, yemwe anakhala zaka zingapo ku Johannesburg akugwira ntchito pa shopu yokonza mafoni ndi makompyuta. Anabwera kudzaona makolo mu Seputembala. Atamva nkhaniyo anakhala pansi, n'kuyatsa kompyutayo, n'kudikira nafe limodzi mpaka inadzuka. Pa nthawiyo munali Windows 10. Anadina mabatani atatu nthawi imodzi, Ctrl, Shift ndi Esc, ndipo panatseguka kazenera kotchedwa Task Manager, koonetsa mmene chiwalo chilichonse chikugwirira ntchito. Purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, inali itangokhala, ikugwiritsa ntchito gawo lochepa chabe la mphamvu zake. RAM inali itatsala pang'ono kudzaza. Koma pa hard disk panalembedwa 100%, ndipo nambalayo sinkatsika.

"Amalume, musagule kaye kalikonse," anatero. "Mutu wake uli bwinobwino. Akudwala ndi miyendo."

Anandifotokozera m'njira imene ndinaimva msanga, ndipo inunso mutha kuimva ngakhale simunatsekulepo kompyuta. Purosesa ili ngati mayi amene akuphika. Hard disk ndi nkhokwe, kumene zonse zimasungidwa. RAM ndi lichero, pamene mayiyo amaika zimene akugwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Lichero likakhala laling'ono, mayi amapita ku nkhokwe kawirikawiri. Nkhokweyo ikakhalanso kutali, ndiponso chitseko chake chili cholimba kutsekula, nsima imachedwa ngakhale wophikayo akhale wachangu chotani. Kusintha wophika sikuthandiza. Chofunika n'kukulitsa lichero ndi kusendeza nkhokwe pafupi ndi khitchini.

Hard disk ya mtundu wakale ili ndi timbale tozungulira m'kati, ndipo mu makompyuta a pa tebulo ambiri timazungulira maulendo 7,200 pa mphindi imodzi. Kasingano kamayendayenda pamwamba pa timbaleto kufunafuna chimene mwapempha. Chinthu choyenda chimatha, ndipo diski yathu inali itazungulira zaka zoposa khumi. Kaphokoso ka ka-ka-ka kaja kanali kasinganoko, kakulephera kupeza malo ake. Cholowa m'malo mwake masiku ano ndi SSD, yomwe ilibe choyenda chilichonse m'kati. Imasunga zinthu pa tizipangizo tofanana ndi tomwe tili mu foni kapena mu fulashi. Ndi yopepuka, kukula kwake sikufika pa chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo ya mtundu wa SATA imalowa pa chingwe chomwecho pamene panali diski yakale. Powerenga fayilo yaikulu imathamanga mwina kanayi kapena kasanu kuposa diski ya timbale, koma phindu lake lenileni lili pa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timene kompyuta imawerenga podzuka. Pamenepo kusiyana kwake n'kwa usana ndi usiku.

Mphwanga anakana kugwira sikuludiraiva tsiku limenelo. Anati diski ikayamba kugogoda, ntchito yoyamba ndi kupulumutsa zimene zili m'kati, ndipo ina iliyonse idikire. Apa ndi pamene mtima wanga unagunda, chifukwa ndinayamba kuwerenga m'mutu zimene zinali pa timbale todwalato.

Mabuku a geni akanatayika, akanatipweteka, koma mayi a kunyumba amasunganso kope la pepala, ndipo ongongola ambiri amawadziwa pamtima. Makalata a anthu akhoza kulembedwanso. Chimene sichikanabwereranso ndi mawu a apongozi anga. Chaka chisanafike chimene anatisiya, mwana wathu anawajambula pa foni masiku angapo akufotokoza m'Chiyao mbiri ya banja: mmene makolo awo anatsikira kuchokera kumapiri a ku Namwera, mayina a azigogo a mbali ya kuchikazi mmodzimmodzi, malo amene anayamba kumanga, ndi amene anaikidwa kuti. Ankalankhula akusenda nandolo, nthawi zina n'kuseka, nthawi zina n'kudzudzula nkhuku. Foni imene anajambulirayo inafa kalekale. Mawuwo anali m'bokosi lakudali, pamodzi ndi zithunzi za ubwana wa ana athu. Laputopu ya mtengo wapatali chotani sikanatibwezera zimenezi.

Tinayamba ndi mawuwo. Tinawakopera pa fulashi ziwiri, kenako pa foni ya mayi a kunyumba, ndipo mphwanga anatumizanso kwa mlongo wake ku Lilongwe, kuti kope lina likhale kunja kwa nyumba ino. Anati moto, madzi osefukira kapena wakuba satenga fayilo imodzi, amatenga zonse zimene zili pamalo amodzi. Ife a m'mbali mwa Shire ndi nyanja sitifunika kuuzidwa kawiri za madzi. Tinaona mmene nyanja inakwerera mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Kenako tinakopera zithunzi ndi mabuku a geni. Ntchitoyi inatenga madzulo awiri athunthu, diski ikuima, n'kuyambanso, n'kuimanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zithunzi 11 zinakaniratu kutuluka, ndipo zina mwa izo zinali za tsiku limene mwana wathu woyamba anayamba sukulu. Mawu a apongozi anatuluka onse. Tinawamvera usiku womwewo kuti titsimikize, ndipo mayi a kunyumba anatuluka panja kwa kanthawi.

Ngati kompyuta yanu ili ndi zaka zambiri, ndikukupemphani kuti muchite zimenezi mlungu uno, isanayambe n'komwe kugogoda. Ndipo mukakopera, tsekulani mafayilo angapo pa fulashiyo muone ngati akutseguka. Pamsika pali mafulashi achinyengo olembedwa kukula kwakukulu pamene m'kati ndi aang'ono. Amaoneka ngati alandira zonse, koma tsiku lozifuna mumapeza zili mbwee, zosatseguka.

Sande m'mawa, kusanatenthe, tinanyamula bokosilo kupita nalo pansi pa mtengo wa mango. Tinali titazula chingwe cha magetsi kukhoma, ndipo mphwanga anadina batani loyatsira kwa kanthawi kuti mphamvu yotsalira ithe. Asanagwire kanthu m'kati anayamba wagwira chitsulo cha bokosilo, chifukwa thupi la munthu limasunga timagetsi tina, tomwe nthawi zina timakuthetheka ukavula juzi usiku, ndipo timeneti tikhoza kupha kachipangizo kakang'ono. Ubwino wa makompyuta a mu ofesi ngati amenewa ndi wakuti anapangidwa kuti azitsekulidwa. Pambali pali kachogwirira. Ukakoka, chivundikiro chimachoka popanda kumasula sikulufu ngakhale imodzi.

Zimene tinapeza m'katimo ndi mbiri ya Mangochi. Fumbi la mwera wa zaka zambiri linali litagwirana ngati thonje pa fani ndi pa tizitsulo tozizitsa purosesa, moti mpweya unalibe podutsa. Munali mapiko a tizilombo touluka timene timadzaza pa nyali madzulo kunyanja kuno, ukonde wa kangaude, ndi kachigoba ka dzira la nalimata pakona. Kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35 masana, ndipo m'nyumba ya malata kumaposa pamenepo. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, ndipo ikaona kuti sizikuthandiza imazimitsa kompyuta yonse. Kuzima kwa masana kuja kunali kudziteteza.

Tinalibe chopemerera chamagetsi, choncho tinagwiritsa ntchito pampu ya njinga ndi burashi yatsopano yopentera. Mwana wathu ankapopa, mphwanga akulozetsa kapaipi. Fani ankaigwira ndi chala kuti isazungulire ndi mphepoyo, popeza ikazungulira mopyola muyeso imawonongeka. Tonse tinamanga nsalu kukamwa ndi kumphuno, ndipo mng'ono wake wa mtsikanayu, yemwe amavutika ndi mphumu, tinamutumiza kwa anansi mpaka fumbi litatha. Musachitire ntchito imeneyi m'nyumba. Fumbi lotere ndi losalala kwambiri, limakhala m'mwamba nthawi yaitali, ndipo limakatera pa zofunda ndi pa chakudya. Pali kabokosi kamodzi kachitsulo m'katimo, kamene chingwe cha kukhoma chimalowamo, kotchedwa power supply. Kameneko mungokapemerera kunja. Musakatsekule, chifukwa kamasunga magetsi oopsa ngakhale kompyuta itazulidwa kukhoma.

Kenako mphwanga anachotsa chozizitsira pamwamba pa purosesa. Pakati pa ziwirizi pamakhala phala lotuwa lotchedwa thermal paste, lothandiza kutentha kuchoka pa purosesa kupita pa chitsulo. Lathu linali litauma gwa ngati dothi la m'chilimwe. Analipukuta ndi kansalu koviika mu spiriti woyera wopanda mafuta, n'kuikapo latsopano, kadontho kamodzi kofanana ndi njere ya nandolo pakatikati. Anandichenjeza akuseka kuti anaonapo anthu akupaka mankhwala otsukira mano. Amenewo amauma m'masiku ochepa n'kusiya purosesa ikupsa.

Zogula zinali zitatu zokha. Choyamba SSD ya 256 GB, imene mnzake wa mphwanga anatitumizira kuchokera ku Joni kudzera kwa transipota. Imapezekanso m'mashopu a makompyuta ku Blantyre ndi ku Limbe, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera kuno, ndipo amene amapita kukagulitsa nsomba akhoza kukugulirani mukawalembera bwino pa pepala. Chachiwiri RAM. Munali kamtengo kamodzi ka 4 GB, ndipo tinawonjezera kena ka 4 GB kuti zikwane 8 GB. Apa m'pofunika kusamala. RAM ili m'mibadwo: DDR2, DDR3, DDR4, ndipo m'badwo uliwonse uli ndi kampata pamalo osiyana, kotero wina sulowa pa malo a unzake. Yathu imadya DDR3. Ya laputopu ndi yaifupi, silowa mu kompyuta ya pa tebulo. Njira yosavuta n'kuzula imene ilimoyo, kuijambula mbali yolembedwa, n'kuonetsa wogulitsa chithunzicho. Poika, muyang'ane kampatako, mukankhe mbali zonse ziwiri mpaka tizogwirira titseke tokha kuti tha! Ikakana musaikakamize, ndiye kuti mwaitembenuza. Pamene pali mipata inayi, timitengo tiwiri timaikidwa pa mipata ya mtundu wofanana. Dziwaninso kuti Windows ya 32-bit siona RAM yopitirira 4 GB, choncho owonjezera ayenera kukhala ndi ya 64-bit.

Chachitatu chinali chotchipa kuposa zonse: kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi kompyuta ikazima. Kakatha, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti tili m'chaka china chakale, ndipo masamba ambiri a pa intaneti amakana kutseguka. Makolo, kabatire aka musakasiye pa tebulo ngakhale kwa mphindi imodzi. Kamanyezimira, ndipo mwana wokwawa amakaponya m'kamwa. Kakakakamira pakhosi kamawotcha mnofu m'maola awiri okha, ngakhale kakhale koti kanatha mphamvu yoyendetsera kompyuta. Mwana akameza, musamusanzitse ndipo musadikire kuti muone mmene zikhalire. Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo n'kuwauza madokotala chimene wameza. Kakale kathu tinakakulunga ndi tepi mbali zonse n'kukatsekera m'kabotolo pamwamba pa kabati.

Nkhani imene tinakambirana nthawi yaitali ndi ya pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo inali italengeza kuti Windows 10 isiya kulandira zigamba zachitetezo zanthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, kutangotsala milungu yochepa kuchokera tsiku limene tinali pansi pa mango paja. Windows 11 imafuna purosesa yatsopanoko, kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu wa Intel, ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Purosesa yathu, Core i3, ndi ya m'badwo wachitatu. Pali njira zozembera malamulowa, koma mphwanga sanazikonde pa kompyuta yosunga mabuku a ndalama. Windows yosalandira zigamba siima kugwira ntchito, koma ili ngati nyumba imene loko wake anthu ambiri akudziwa katsekulidwe kake. Kwa ife vuto lalikulu ndi mafulashi. Aliyense wobwera kudzalembetsa kalata amabwera ndi fulashi yake imene yadutsa m'makompyuta khumi, ndipo mavairasi amayenda mmenemo ngati nsikidzi m'mphasa yobwereka.

Tinasankha Linux Mint, pulogalamu yaulere imene imayenda bwino pa makompyuta akale. Inamangidwa pa inzake yotchedwa Ubuntu, imene inayamba mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi lomwe lija ife timati umunthu. Mtundu wa 22 wa Linux Mint udzalandira zigamba mpaka 2029. Kuitenga pa intaneti kumadya pafupifupi 3 GB, choncho mphwanga anagula bandulo ya usiku n'kuiika pa fulashi. Imabwera ndi LibreOffice, yolembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama, yomwe imatsekula mafayilo a Word ndi Excel. Mabuku a usipa anatseguka osasowa nambala ngakhale imodzi. Pulinta yathu inadziwika yokha titangoilumikiza.

Sindikunena kuti aliyense achite chimodzimodzi. Mwana wathu anadandaula milungu iwiri yathunthu, ndipo dandaulo lake linali loona: kusukulu amaphunzira pa Windows ndi Microsoft Word, ndipo mabatani ena ali pamalo osiyana. Makadi a ukwati okhala ndi maluwa ndi zilembo zokhotakhota nthawi zina amasokonekera akatsekulidwa pa kompyuta ina, moti masiku ano ndimawasunga ngati PDF ndisanapereke. Amene ntchito yake imadalira pulogalamu inayake ya Windows yokha ayenera kufunsa kaye asanasinthe. Koma pa kulemba, kuwerengetsa, kumvera ndi kufufuza pa intaneti, sitinasowe kanthu. Ndipo ine ndikuona kuti mwana amene wadziwa kupeza njira yake pa mapulogalamu awiri osiyana wamvetsa phunzirolo kuposa amene anangoloweza pamene batani lili.

Titabweza chivundikiro n'kuyatsa, mwana wathu anawerenga ndi wotchi ya pa foni. Kompyuta imene inkatenga mphindi zisanu kapena kuposa inadzuka isanathe theka la mphindi. Fani inangomveka ngati mpweya wa munthu wogona. Okutobala ndi Novembala anadutsa ndi kutentha kwake konse, ndipo sinazimepo yokha. Ndalama zonse zimene tinawononga sizinafike pa gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wa laputopu tinkaifunsa ija. Mpamba wa usipa sunakhudzidwe.

Pali zinthu zimene kukonza kotere sikuchiza, ndipo ndi bwino kuzidziwa musanatulutse ndalama. Intaneti ikakhala yochedwa chifukwa cha netiweki, SSD siithamangitsa. Ndiponso kompyuta ya pa tebulo ilibe batire. Magetsi akathima, imathima nawo nthawi yomweyo pamodzi ndi kalata imene munali musanasunge. Apa laputopu imapambana, ndipo mwana wathu amandikumbutsa zimenezi nthawi iliyonse tikakhala mu mdima. Madzi amene timawaona akudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi omwewo amene amapyola nyanja ya Malombe ndi Liwonde n'kukazungulitsa makina a magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tonse tikukumbukira mmene masiku amenewo analili. Kuthima kwadzidzidzi kumavulaza diski ya timbale, ndipo kubwera kwa magetsi mwamphamvu kukhoza kuwotcha power supply. Ife tinagula adaputala yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo lamulo la pakhomo ndi lakuti magetsi akathima, kapena mvula ya ziphaliwali ikayamba kugunda kumapiri a kutsidya, chingwe chizulidwe kukhoma. Kabokosi ka batire kotchedwa UPS kamapatsa munthu mphindi zochepa zosungira ntchito n'kuzimitsa bwino. Tikukasungira ndalama, ngakhale mphwanga wachenjeza kuti batire lake silikhalitsa kumalo otentha ngati kuno.

Tinasinthanso malo ake. Poyamba bokosilo linkakhala pansi pa tebulo, pamene tsache limaponyera fumbi. Pano lili pamwamba, kutali ndi zenera, ndipo kumbuyo kwake kuli mpata wokwana chikhatho kuti mpweya uzituluka. Likazima n'kuzizira timalifunditsa kansalu, koma likamagwira ntchito ayi. Sikirini tinaikweza pa mabuku awiri kuti m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso, chifukwa khosi langa linali litayamba kudandaula. Vuto latsopano ndi lakuti kompyuta yothamanga imakoma kukhalapo. Kale kuchedwa kwake kunkatidzutsa pampando tokha. Tsopano tinachita kugwirizana kuti pakatha mphindi 20 zilizonse munthu ayang'ane kutali, kunja kwa zenera, kwa masekondi 20, ndipo pakatha ola adzuke, aziwongole, amwe madzi. Ana saloledwa kuyatsa nthawi yogona ikayandikira.

Chotsala chinali diski yakale ija. Mnyamata wina wogula zitsulo zakutha anaifuna, ndipo ndinamukaniza. Pa timbale timeneto pali zinsinsi za anthu a m'dera lino za zaka 8: kalata ya mayi wodandaula kwa ankhoswe, mndandanda wa ongongola, pempho la thandizo la munthu wofotokoza matenda ake, mapangano a malo amene abale ena sakuwadziwa. Anthuwo anandikhulupirira pamene ankandiuza zoti ndilembe. Kufufuta fayilo mwa nthawi zonse sikuichotsa kwenikweni. Wodziwa akhoza kuibweza. Diski yabwino imafufutidwa ndi pulogalamu yolemba paliponse kuti zakale zisaonekenso, koma yathu inali yodwala moti sikanapirira ntchito imeneyo. Mphwanga anaimasula, n'kutulutsa kambale konyezimira ngati galasi, n'kukaboola ndi msomali malo anayi. Maginito amphamvu amene anali m'katimo anawapereka kwa mayi a kunyumba, ndipo pano amagwira masingano pa makina awo osokera, pamwamba pomwe ana safikira.

Zotsala zina sitinaziponye kudzala, ndipo sitinaziwotche. Lipoti la bungwe la United Nations la mu 2024 linati m'chaka cha 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo gawo losafika pa kotala ndi limene linasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso mwadongosolo. Zina zinkathera kumalo ngati Agbogbloshie mu mzinda wa Accra ku Ghana, kumene kwa zaka zambiri achinyamata ankawotcha mawaya kuti apeze kopa. Ngakhale kuno mumaona anyamata akuchita zomwezo kuseri kwa misika. Utsi wa pulasitiki wa mawaya ndi poizoni ku mapapo, ndipo m'zipangizo zakale muli mtovu, makamaka m'galasi la masikirini aja a chimimba kumbuyo. Mtovu umawononga ubongo wa mwana amene akukula, ndipo palibe mlingo wake umene madokotala amati ndi wabwino. Kwa ife a kunyanja, chotayidwa kudzala mvula imachikokolola kupita nacho kumene timatunga madzi ndi kumene chambo chimaswana.

Choncho chigoba cha diski, kabatire kaja ndi chingwe chimodzi chothetheka zili m'katoni pamwamba pa kabati, kudikira tsiku limene mphwanga adzapite nazo ku Blantyre kwa anzake okonza makompyuta, amene amachotsamo zina n'kuzigwiritsanso ntchito. Za laputopu sitinazitaye. Tinagwirizana ndi mwana wathu kuti akadzakhoza MSCE n'kupeza malo ku koleji adzafunika yake yonyamula, ndipo mayi ake ayamba kale kuponya kangachepe ku banki m'khonde mwezi uliwonse. Pakadali pano iye watenga ntchito ina pa kompyuta yakaleyi: akumvera mawu a agogo ake pang'onopang'ono, kuimitsa, n'kulemba m'Chiyao mawu ndi mawu, ndipo pamene sakumva amaitana mayi ake kukhitchini. Wafika pa tsamba 14, pamene agogowo akutchula mayina a ana a mlongo wawo amene anatsalira ku Mozambique.